Funsani za Mbalame: Chisanu Chikatha, Mitengo Ikayamba Kuphukira

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za nyengo imodzi, ija chisanu chatha kumene, mitengo yayamba kutulutsa masamba anthete, ndipo m'bandakucha mwayamba kumveka mawu a mbalame omwe sankamveka miyezi yapitayi. Ndasankhapo angapo. Ena ndawadulako, poti ena a inu mukagwira cholembera simufuna kuchisiya.

Bambo, ndawerenga kuti nthawi yabwino yoyamba kuonerera mbalame ndi pamene mitengo ikuyamba kuphukira. Ena akuti ndi Malichi, ena akuti Sepitembala. Zoona ndi ziti? — Mphunzitsi wa sekondale

Onsewo akunena zoona, aphunzitsi, kungoti aima mbali zosiyana za dziko lapansi. Kumpoto kwa ikweta, monga ku Ulaya, ku Canada ndi ku Japan, usana umalingana ndi usiku cha pa 20 Malichi, ndipo kuchokera pamenepo usana ndi umene umatalika kuposa usiku. Kumwera, monga ku South Africa, ku Australia ndi ku Argentina, zimenezi zimachitika cha pa 22 kapena 23 Sepitembala.

Nthawi zambiri mbalame yake imakhala yomweyo. Anamzeze amene munthu wa ku England amawalandira mokondwa mu Epulo ndi omwe aja munthu wa ku South Africa anawaona mu Malichi atandandalika pa mawaya a magetsi, ulendo uli pafupi. Wina akamati afika, mnzake akuti apita. Kumwera kwa Africa, alendo oyamba sachokera ku Ulaya ayi, amachokera mu Africa momwemo. Mphamba wa mlomo wachikasu amayamba kuoneka mu Ogasiti, afulagombe ofiira amayamba kukumba mauna awo m'magombe a mitsinje ngati Zambezi ndi Luangwa nthawi yomweyo, ndipo mbalame yotchedwa cuckoo wa chifuwa chofiira imayamba kulira usana ndi usiku cha mu Sepitembala ndi Okutobala. Anamzeze a ku Ulaya amabwera pambuyo.

Chimene chimadzutsa mbalame si kufunda kokha. M'zaka za m'ma 1920, William Rowan, wasayansi wa ku Edmonton ku Canada, anasunga timbalame totchedwa junco m'zikwere zapanja nthawi ya chisanu choopsa, n'kumatiyatsira magetsi madzulo, tsiku lililonse akuwonjezera nthawi pang'ono. Kunja kuli zii choncho, ziwalo zoberekera za timbalameto zinakula ngati kuti nyengo yoswana yakwana. Kutalika kwa usana n'kumene kumatakasa mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timauza mbalame kuti nthawi yoswana yakwana. Pafupi ndi ikweta, kumene usana susintha kwenikweni chaka chonse, mvula ndi chakudya n'zimene zimalamula kwambiri. Ndiye musadikire tsiku la pakalendala. Mukaona masamba atsopano ndi tizilombo tikuuluka madzulo, nthawi yanu yakwana.

Mwana wanga wandifunsa kumene anamzeze amakhala miyezi yonse imene sitiwaona, ndipo amadziwa bwanji njira. Ndasowa chomuyankha. — Mayi wa ana atatu

Musachite manyazi, mayi. Funso limeneli linazunguza anthu ophunzira kwa zaka pafupifupi 2,000. Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, analemba kuti anamzeze ena amabisala m'maenje nthawi ya chisanu, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1700 kunali akatswiri ku Ulaya amene ankakhulupirira ndithu kuti amagona m'matope pansi pa madzi.

Umboni woyamba wosatsutsika unabwera mochititsa nthumanzi. Mu 1822, pafupi ndi tauni ya Klütz ku Germany, kunapezeka dokowe woyera ali ndi mkondo wa ku Africa utamulasa pakhosi. Anauluka nawo ulendo wonsewo. Thupi lake analiumitsa ndipo likusungidwabe ku yunivesite ya Rostock. Kenako mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete ta manambala kumwendo, kuti aliyense woipeza mbalameyo adziwe kumene yachokera. Namzeze wina anavekedwa mphete ku Staffordshire ku England mu Meyi 1911, n'kukapezeka ku Natal ku South Africa mu Disembala 1912. Mtundawo ndi wa makilomita pafupifupi 10,000, ndipo kambalame kake kamalemera magalamu 20 okha. Mumuuze mwanayo zimenezo ali ndi sipuni ya shuga m'manja, aone kupepuka kwake.

Njira sizifanana. Adokowe ndi ziwombankhanga sizikupiza mapiko mtunda wautali. Zimadikira dzuwa liwotche nthaka, mpweya wofunda uyambe kukwera, n'kumazungulira nawo m'mwamba, kenako n'kutsetsereka mpaka zitapeza mpweya wina wotero. Pamwamba pa nyanja mpweya wotere ndi wofooka kwambiri, choncho mbalamezi zimalambalala nyanja ya Mediterranean. Zina zimaolokera ku Gibraltar, pakati pa Spain ndi Morocco, pamene madzi ndi makilomita 14 okha, zina zimadzera ku Israel ndi pa Bosphorus ku Istanbul. N'chifukwa chake anthu amakhamukira kumalo amenewa mu Malichi ndi Epulo, makosi ali m'mwamba.

Timbalame ting'onoting'ono timachita zina. Tambiri timayenda usiku, kukuzizira komanso akabawi atagona. Tisananyamuke timadya modetsa nkhawa, moti tina timalemera pafupifupi kawiri chifukwa cha mafuta, ndipo mafutawo ndi amene timaolokera nawo chipululu cha Sahara. Pali kena kotchedwa willow warbler, kamene kawirikawiri sikakwana magalamu 10, koma chaka ndi chaka kamayenda pakati pa kumpoto kwa Ulaya ndi kumwera kwa Sahara. Njira timaidziwira dzuwa, nyenyezi, mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, komanso mitsinje ndi magombe zimene tinaziona ulendo wapita.

Imene imandigometsa ine ndi cuckoo wa ku Ulaya. Amaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, mwana wake amaleredwa ndi eni chisawo, makolo ake enieni sawaonapo, koma nthawi ikakwana amanyamuka yekha kulowera ku Africa popanda womulondolera. Kuyambira 2011 bungwe la British Trust for Ornithology lakhala likumangirira tizipangizo ta setilaiti pa mbalamezi, ndipo lapeza kuti zambiri zimakathera ku nkhalango za m'chigwa cha mtsinje wa Congo.

Chinanso chomuuza mwanayo: pobwerera kokaswana mbalame zimafulumira kuposa popita, ndipo m'mitundu yambiri zazimuna n'zimene zimatsogola, kuti zikagwire malo abwino zinzake zisanafike. Mbalame yoyamba imene mudzaimve ikuimba kawirikawiri idzakhala yaimuna imene ikanali yokha.

Ndilibe galimoto, ndipo malo otetezedwa ali kutali. Kodi ndingaone chiyani pafupi ndi nyumba? Ndipo ndizituluka nthawi yanji? — Mnyamata wogwira ntchito ya usiku

Achimwene, inu muli ndi mwayi umene anzanu alibe, poti mumaweruka nthawi imene mbalame zikuyamba ntchito. Kuimba kumayamba dzuwa lisanatuluke, kukadali kachisisira, ndipo maola awiri kapena atatu oyambirira ndi amene mumaona zambiri. Kukadali mdima mbalame singasake bwino chakudya, ndiye nthawiyo imaigwiritsa ntchito kulengeza kuti malo ano ali ndi mwini wake ndiponso kuitana yaikazi. Mphepo imakhalanso isanayambe, mawu amamveka bwino. Dzuwa likakwera timbalame timakhala chete m'masamba, ndipo apo m'pamene muyenera kukweza maso, chifukwa amphamba ndi ziwombankhanga zimayamba kuzungulira nthaka ikafunda.

Za malo, maganizo anga ndi awa, ndipo ena sagwirizana nawo: malo amodzi apafupi amene mumapitako mlungu uliwonse amakuphunzitsani zambiri kuposa malo khumi otchuka amene mwapitako kamodzikamodzi. Sankhani njira ya theka la ola, yokhala ndi madzi pang'ono, kaya ndi dziwe, kamtsinje kapena dambo, ndi mitengo ingapo. Mbalame zimakonda m'malire, pamene tchire lakumana ndi munda, kapena bango lakumana ndi madzi. Manda akale okhala ndi mitengo ikuluikulu, bwalo la sukulu, ngakhale maiwe oyeretsera madzi a zonyansa a m'tauni (fungo lake pirirani, mbalame za m'madzi zimawakonda zedi) ndi malo abwino, bola mwapempha chilolezo pamene pakufunika.

Ubwino wa malo amodzi ndi uwu. Mukadziwa eni mudzi, apumbwa, njiwa, mpheta, akhwangwala, mnthengu uja amakhala pa nthambi yomweyomweyo, tsiku limene pafike mlendo mudzamuzindikira nthawi yomweyo, ngakhale dzina lake simulidziwa. Munthu amene wangofika tsiku limenelo sangadziwe kuti kambalame kali m'chitsambako dzulo kunalibe. Ndipo musamaope nyengo yoipa. Usiku kukagwa mvula kapena kukaomba mphepo yochokera kumene mbalame zikulowera, zapaulendo zimatera paliponse kuti zipume, ndipo m'mawa mwake mungapeze mbalame zachilendo m'mitengo imene mumaidutsa tsiku lililonse.

Yendani pang'onopang'ono, dzuwa lili kumsana kwanu kuti mitundu ioneke bwino. Imani kawirikawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaima duu kwa mphindi khumi, mbalame zimene zinathawa pofika inu zimabwerera n'kupitiriza zochita zawo.

Mukafuna kupita ndi anzanu, gulu lisapitirire anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo amene amakonda nkhani za mpira ayende kumbuyo. Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala ndi masiku okumbukira mbalame zosamuka padziko lonse, ndipo magulu ambiri amakonza maulendo olandira ongoyamba kumene.

Ndikufuna kugula magalasi oonera patali. Wogulitsa akundiuza kuti a nambala yaikulu ndiye abwino. — Wopuma pantchito

Akufuna kukugulitsani katundu amene wamukanika, bambo. Pa magalasi pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42. Yoyambayo ikunena kuti chinthu chimaoneka pafupi maulendo 8, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo likakula limalowetsa kuwala kochuluka, zimene zimathandiza m'bandakucha. A 8x42 kapena 8x32 ndi okwanira, a 10x42 ndiye malire. Kupitirira apo manja amanjenjemera, malo oonekera amachepa, ndipo mukamati mwaipeza mbalame imakhala itauluka kale. Yesani musanalipire: mukaona zinthu ziwiriziwiri kapena maso akayamba kuwawa, asiyeni. Pogwiritsa ntchito, maso akhalebe pa mbalameyo, magalasi ndiwo abwere kumaso.

Sabata yatha ndinaona mbalame imene buku likuti sipezeka kudera lathu. Anzanga a m'gulu sakukhulupirira, akuti ndibweretse chithunzi. Zandiwawa. — Mtsikana wa ku koleji

Ndikumva kuwawa kwake, achemwali, koma anzanuwo sanakunyozeni. Afunsa chimene aliyense amafunsidwa, ngakhale amene wathera moyo wake wonse pa mbalame. Ndipo nyengo ino ndi imene maso amanamizika kwambiri. Mbalame zambiri zimakhala zikusintha nthenga. Tchete wamwamuna amene miyezi yozizira anali wotuwa ngati mkazi wake amayamba kutuluka chikasu ndi chigoba chakuda kumaso, ndipo ali pakatikati amaoneka ngati mbalame imene mulibe m'buku lililonse. Zapaulendo zimafika nthenga zitaperepeseka. Kuwala kwa m'mawa nakonso kumafiiritsa chilichonse.

Komabe n'zotheka kuti munaonadi. Mbalame zimasochera, makamaka nthawi ya ulendo, ndipo mapu a m'buku amangosonyeza kumene anthu anaziona n'kulemba. Chimene chingakuthandizeni si kukangana koma kabuku ndi pensulo. Mukaona yachilendo, musathamangire kutsegula buku, chifukwa mukangoona chithunzi, mutu wanu umayamba kukumbukira za m'bukuzo m'malo mwa zimene zinali pa nthambi. Lembani kaye. Kukula kwake, poyerekeza ndi mpheta, njiwa kapena khwangwala. Mlomo, waufupi wonenepa wodyera njere, kapena woonda wogwirira tizilombo. Mtundu wa miyendo. Mzere pamwamba pa diso ulipo kapena ayi. Mchira umaugwedeza bwanji. Imadumpha kapena imayenda. Inali pansi, m'bango kapena pansonga pa mtengo. Jambulani kachithunzi ndi pensulo ngakhale koipa. Foni yanu ikhoza kujambula mawu ake, ndipo kwa timbalame totuwa tofanana, mawu ndi umboni wamphamvu kuposa chithunzi chosaoneka bwino.

Ndikuuzeninso chinthu chimene ongoyamba sakonda kumva. Mbalame yosowa imasangalatsa tsiku limodzi, koma zolemba zaphindu kwambiri ndi za mbalame wamba, zokhala ndi deti. Robert Marsham wa ku Norfolk ku England anayamba mu 1736 kulemba tsiku limene mitengo yaphukira, tsiku limene waona namzeze woyamba ndi limene wamva cuckoo woyamba. A m'banja lake anapitiriza mpaka 1958, ndipo asayansi akugwiritsabe ntchito zolembazo poona mmene nyengo yasinthira. Ku nkhalango ya Wytham pafupi ndi Oxford, akatswiri akhala akutsatira kambalame kotchedwa great tit kuyambira 1947, ndipo anapeza kuti kanayamba kuikira mazira pafupifupi milungu iwiri msanga kuposa kale, potsatira mbozi zimene zikutulukanso msanga chifukwa kukufunda msanga. Kameneko sikasamuka, ndiye kamaona kokha mmene masamba akuyendera. Tsoka lili ndi zochokera kutali. Ku Netherlands, kambalame kotchedwa pied flycatcher, kamene kamachokera kumadzulo kwa Africa, kanachepa kwambiri m'nkhalango zimene mbozi zimachuluka msanga, chifukwa ana ake ankaswedwa chakudya chitadutsa kale. Zonsezi zinadziwika chifukwa anthu ankalemba madeti a mbalame zimene ena ankati n'zosafunika kulemba.

Masiku ano zolemba zanu mungazitumize ku eBird, nkhokwe ya pa intaneti yosungira zolemba za mbalame, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi Cornell Lab of Ornithology pamodzi ndi bungwe la Audubon, kapena ku SABAP2, kalembera wa mbalame za kumwera kwa Africa amene anayamba mu 2007. Mukatumiza yachilendo kumeneko, nakonso adzakufunsani umboni, ndiye zolowerani. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin imamvetsera kulira n'kukupatsani dzina, ndipo ndi yothandiza, koma imalakwitsa, makamaka kumadera amene mawu a mbalame zake sanajambulidwe ambiri. Dzina limene yakupatsani mulitenge ngati ganizo la mnzanu, mukatsimikize ndi maso. Ndipo palibe chochititsa manyazi kulemba kuti "kambalame kotuwa, sindinakazindikire". Munthu amene m'kabuku mwake muli mawu amenewa ndimamukhulupirira msanga akadzati waona yosowa.

Mnzanga amaliza mawu a mbalame pafoni kuti ibwere pafupi tiijambule. Zimagwiradi ntchito. Cholakwika chilipo? — Wojambula zithunzi

Zimagwira ntchito chifukwa mwaikwiyitsa. Yaimuna ikamva mawu amenewo imaganiza kuti ina yalowa m'malo ake, ndiye imasiya kudya, kumanga chisa kapena kulondera, n'kubwera kudzamenya nkhondo ndi mdani amene kulibe. Ngati yangofika kumene kuchokera ulendo wautali, mphamvu imene ikuwononga pa foni ya mnzanuyo ndi imene inalibe kale. Kamodzi kwa masekondi ochepa mwina sikungaphe mbalame, koma pamalo pamene pamafika anthu ambiri, aliyense n'kumaliza yake, mbalameyo sipuma. M'malo ambiri otetezedwa n'zoletsedwa. Ine m'nyengo yoswana sindichita n'komwe.

Chimodzimodzi ndi zisa. Musadule nthambi kuti chithunzi chioneke bwino, chifukwa masamba amenewo ndi amene amabisa mazira. Musaimepo nthawi yaitali: make akathawa, mazira amazizira kapena kupsa ndi dzuwa, ndipo akhwangwala amaonerera kumene anthu akuyang'ana. Mukaona mbalame ili ndi mbozi kukamwa, ikulira mobwerezabwereza koma osapita kulikonse, dziwani kuti mwaima pafupi ndi ana ake ndipo ikudikira kuti muchoke. Mukapeza chisa cha kadzidzi kapena cha mbalame yosowa, musalengeze malo ake pa Facebook.

Ana anga atola kamwana ka mbalame pansi pa mtengo. Akuti tikakabweza make adzakakana chifukwa cha fungo la manja athu. Titani? — Bambo wodandaula

Za fungozo si zoona, bambo. Mbalame sizitaya ana chifukwa munthu wawagwira. Yang'anani kaye nthenga. Ngati kali ndi nthenga thupi lonse, kamchira kakafupi, kakudumphadumpha ndi kugwira chala mwamphamvu, sikanagwe ayi, kanatuluka kokha. Ana a timbalame tambiri amachoka m'chisa ali ndi milungu iwiri yokha, asanadziwe bwino kuuluka, ndipo makolo amawadyetsera pansi kapena m'zitsamba kwa masiku angapo. Kabwezeni pamene kanatoledwa, mukaike pa nthambi yotsika ya chitsamba, mutsekere mphaka ndi galu m'nyumba, ana aonerere ali patali.

Ngati kalibe nthenga kapena maso sanatseguke, kameneko kagwadi. Funani chisa pamtengo womwewo mukabwezeremo. Chisa chikakhala kuti chagwa, ikani zotsala zake m'kadengu kapena m'kachitini koboola pansi kuti madzi asadekhemo, mumangirire pa nthambi pamthunzi pafupi ndi pamene chinali, kenako chokanipo kwa ola limodzi kapena awiri. Musakathire madzi kukamwa, chifukwa amalowa m'mapapo, ndipo musakapatse mkaka. Ana a mbalame zambiri, ngakhale zimene zikakula zimadya njere, amaleredwa ndi tizilombo, ndipo makolo amabwera nato kangapo pa ola kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ntchito imene munthu sangaikwanitse. Kakakhala kovulala, kapena ngati kanagwidwa ndi mphaka ngakhale bala silikuoneka, kaikeni m'katoni yoboola timabowo, pamalo ofunda ndi amdima, ndipo mufunse dokotala wa ziweto kapena a zanyama zakutchire a m'dera lanu tsiku lomwelo.